Chaka Chimene Ndinasinja Chimanga cha Kunja

Chaka chimenecho anthu a kuno ku Milonde amachitchula mosiyanasiyana. Ena amati chaka cha ufa, ena amati chaka cha malole. Pakhomo pathu sitichitchula n'komwe, chifukwa kuchitchula n'kutchula ine.

Ndiyambe ndadziulula. Ndinaphunzirapo za ulimi ku koleji chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Tinasiyana mwamtendere: aphunzitsi ankafuna mayankho, ine ndinali ndi maganizo. Chibwerereni mudzi unandipatsa dzina loti a Koleji, ndipo kalata iliyonse ya Chingerezi yofika m'mudzi muno imayamba yadutsa m'manja mwanga isanakakolezere moto. Ndine mkamwini. Munda umene ndimalima ndi wa apongozi anga, amayi a mkazi wanga Esinati. Zangazanga pakhomopo ndi wailesi, majombo amene ndinachoka nawo ku koleji, ndi buku limodzi la za nthaka lopanda chikuto.

Pofika chaka chimenecho, apongozi ndi ine tinali titakhala bwalo limodzi zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana maso ndi maso. Si udani ayi, ndi ulemu wa kwathu: mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira muudzu. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ine ndili pomwepo. "Uwauze abambo a Tamanda kuti khasu silidzinola lokha." Esinati akachokapo ankauza nkhuku. Nkhuku za pakhomo pathu zinamva zambiri zokhudza ine.

NOVEMBALA

Mbewu ya apongozi ndi chimanga cha makolo, choyera, cholimba ngati timiyala ta mumtsinje. Agogo awo anabwera nacho kuchokera kutsidya, ku Mozambiki, atachimanga pansonga ya nsalu, pamene ankabwera kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Chaka chilichonse apongozi amagawa mbewuyo patatu: yodzala, yobwereza mvula ikanama, ndi ya mumtsuko. Yachitatuyi amaisakaniza ndi phulusa, n'kuithira mumtsuko wadothi, n'kumata pakamwa pake. Ya mumtsuko sidyedwa ngakhale pamaliro. Ntchito yake ndi imodzi: zonse zikatheratu, ikadzalidwe kudimba nthawi yozizira kuti mtundu usafe.

Mvula inagwa masiku awiri pakati pa mwezi. Ine, monga munthu wophunzira, ndinatumiza uthenga kudzera mwa Esinati woti tidikire kaye. Yankho linabwerera njira yomweyo: "Uwafunse ngati koleji inagwetsapo mvula."

Tinadzala. Pakati pa mapando a chimanga tinaponya nandolo monga timachitira nthawi zonse. Nandoloyo ndi wa kalabu: mabanja makumi atatu a m'mudzi muno amagulitsa pamodzi kwa wogula mmodzi amene amatumiza kutsidya kwa nyanja, kwa anthu amene amalipira bwino bola nandoloyo akhale ndi satifiketi yoti anakulira pamalo oyera. Polowa kalabuyo anthu anadinda zala papepala limene ndinaliwerenga ndine. Mwa zina linkati m'minda mwathu musapezeke mbewu yosinthidwa chibadwa ndi asayansi. Tsiku limenelo anthu anaseka. Kutiletsa chinthu chimene sitinachionepo kunali ngati kutiletsa kukwera ndege.

DISEMBALA

Dzuwa linaima. Chimanga chinafika m'kakolo, chinapota masamba ngati anyezi, chinagona. Phiri, limene nthawi imeneyi limayenera kuvala mitambo, linkaoneka mwala uliwonse, mpaka munthu kuliwerenga nthiti.

Khirisimasi itayandikira kunagwa kamvula, tinadzala yobwereza ija. Inamera bwino ndithu, ndipo mbozi zinayamikira kwambiri. M'mawa uliwonse tinkatsegula mitima ya chimanga n'kupeza utuchi. Tinathiramo dothi, phulusa, madzi a sopo. A Namaona a kuseri kwa tchalitchi anathiramo msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo. Nyerere zinabwera, zinadya msuzi, zinapita. Nandolo yekha ndiye sankadandaula. Iye dzuwa ndi mnzake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona mwezi uliwonse ukangooneka kumwamba. M'mawa mwake apongozi ankatulutsa mtsuko uja, kuugoneka pamphasa, n'kumaugubuduza uku ndi uku, khutu ataliika pafupi. Ine ndinkaonera patali, monga mkamwini wamakhalidwe, ndipo nditalingalira mwaukatswiri ndinagamula kuti ndi mapemphero a anthu akale. Sindinafunse. Munthu wophunzira safunsa zimene wagamula kale.

JANUWALE

Nkhokwe inayamba kulira ukaigogoda. Tinasiya kudya masana. Kenako tinasiya kutchula kuti masana ndi nthawi ya chilichonse.

Pamsika wa Milonde chimanga chinasiya kugulitsidwa pa chidebe, chinayamba kugulitsidwa pa mbale, kenako pa kapu. Mbuzi imene mu Okutobala ikanabweretsa matumba awiri inkabweretsa chidebe, ndipo wogulayo ankaiyang'ana m'kamwa ngati ndiye akukuchitira chifundo. Tinadya mango aawisi ophika mpaka mitengo inatha. Tinadya madeya. Tinaphika kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi. Banja lina la kumunsi linafupikitsa nthawi yophika, ana awiri anagona kuchipatala. Amuna ambiri anawoloka kukalima maganyu ku Mozambiki, malipiro ake makaka, chinangwa chouma. Ena anazula malata padenga. Nyumba ya a Namaona inakhala theka malata, theka thambo.

Esinati anapeza malo othyola tiyi kuesiteti, ngakhale tiyi nayenso anali wouma mtima chaka chimenecho. Ankachoka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka. Nkhuku tinagulitsa zonse. Apongozi atasowa wouza, anayamba kuuza mtondo wosinjira umene umakhala pakati pa bwalo. "Mtondo iwe, kodi anthu ena udzu wa kuseri kwa nyumba akudikira kuti uchite maluwa?" Ine ndinkatenga chikwakwa.

Mphekesera ndiye zinali zokolola zokhazo. Chimanga chikubwera pasitima yapamadzi. Chafika kale padoko. Ayi, chamira. Ayi, chilipo koma n'chachilendo, nkhuku ikadya imaikira mazira opanda chikasu.

FEBULUWALE

Mlamu wanga Zuze, mchimwene wake wa Esinati, amapalasa kabaza ku Muloza. Tsiku lina anafika thukuta lili kamukamu.

"Alamu, kwerani. Tiyeni mukaone chimanga chili m'ndende."

Ndinavala majombo, chifukwa nsapato zina ndinali nditagulitsa, ndinakwera.

Pachipata cha malire ndi Mozambiki panali mzere wa malole a chimanga cha thandizo, ofundidwa matenti, omangidwa ndi waya wokhala ndi chidindo. Anali ataima pamenepo sabata yachiwiri. Madalaivala anali atayanika zovala pamagalasi, akuphika pansi pa malole awo. Dzuwa likawomba matentiwo, fungo la chimanga linkafika mpaka kwa osintha ndalama. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzangokhala pansi m'mbali mwa msewu, moyang'ana malolewo, ngati odikira wodwala.

Mayi wina wachikulire wa kwathu anandizindikira. "A Koleji, tabwerani. Chimanga chili apo. Njala ili apa. Pakatipa pali chiyani?"

Ndinapita kukafunsa bambo wina wonyamula faelo, mmodzi wa aja amathandiza eni katundu kudzaza mapepala. Anandifotokozera m'Chingerezi chothamanga, ine ndikugwedeza mutu m'malo oyenera. Nditabwerera ndinapeza anthu awonjezekera. Ndinaima pachitsa.

"Abale, nkhani yake ndi iyi. Chimanga ichi n'chosinthidwa chibadwa. Ndiye dziko lathu linasaina mapangano ndi maiko ena. Pangano lina ndi la malonda, limati mnzako akabwera ndi katundu usamutsekere chipata popanda chifukwa chooneka. Pangano lina limati chamoyo chimene asayansi achisintha, dziko lili ndi ufulu wochikayikira chisanalowe. Ndiye palinso otigula mbewu a kutsidya kwa nyanja, amene amafuna minda yathu isasakanizike. Akuluakulu atakhala pansi anapeza nzeru yokondweretsa onse. Chilowe, koma chilowe chitafa. Chichoke pano molondedwa mpaka kuchigayo, kwa inu chidzafike chili ufa. Ufa sumera."

"Nanga chikudikira chiyani?"

"Kalata yonena chigayo chimene chikafere."

"Ndi poizoni?"

"Kudya ayi. Eni akewo amadya chomwechi."

"Ndiye m'mimba n'chabwino, m'nthaka n'choipa?"

"N'choipa kwa ogula nandolo, mayi."

"Ogula nandolowo agona ndi njala kangati chaka chino?"

Funso limenelo silinali pa silabasi. Zuze anandipulumutsa. "Koma alamu, akuti mwamuna ukadya chimenechi umasanduka mlongo wa mkazi wako. N'zoona?"

"Alamu, ndi njala ilipoyi tonse tinasanduka kale alongo."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kosunga mphamvu. Chakumunsi kwa mlatho njinga zinkawoloka mtsinje ndi timatumba ta chimanga cha ku Milanje, tsidya la Mozambiki, osafunsidwa kuti chinabadwa bwanji. Njinga sizinasaine pangano lililonse. Koma mtengo wa chimanga cha panjingacho unali woti ungochipatsa moni.

Madzulo a tsiku lomwelo lole imodzi inapezeka kuti yathyoka chitsulo cha pansi, ndipo katundu wake anafunika kusamutsidwira m'lole ina. Anafuna amuna khumi. Ndinali wachisanu ndi chiwiri. Tinanyamula matumba alonda akutiyang'ana, ndipo pomaliza anatisecha m'matumba a mabuluku mmodzimmodzi. Koma thumba lina linali litang'ambika pakona, ndipo ine ndinali m'majombo aakulu kukamwa. Chimanga chinagweramo mwangozi. Ngoziyo inachitika kasanu ndi kawiri.

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati munthu wa matekenya. Kuseri kwa bafa ndinakhuthula majombo: chinadzaza kajumbo kopyapyala, kaja amamangiramo shuga wa pang'ono. Choyera, maso akuluakulu, chokongola ngati cha pa kalendala.

Ndinene chilungamo pa zimene ndinkafuna. Ku koleji, tsiku lina ndili maso, mphunzitsi ananena za chimanga chimene mbozi ikaluma imafa yokha. Sindinkadziwa ngati ichi chinali chomwecho, koma m'maganizo ndinaona dimba lobiriwira, anthu ataima m'mbali, wina akuti, paja a Koleji anapitadi ku koleji. Pepala la kalabu ndinalikumbukira, poti ndinaliwerenga ndine. Ndinangodziuza kuti ogula nandolo ali kutali, ndipo dimba lili kuseri kwa bango. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha mtondo umve zabwino za ine.

MALICHI

Vuto linali pobisa. Esinati akanachipeza akanakazingira mwana wathu Tamanda tsiku lomwelo, ndipo palibe khoti likanamutsutsa. Kudenga kunali makoswe anjala kuposa ife. Pakhomo ponse panali malo amodzi okha amene njala sinkatsegula.

Tsiku lolembetsa maina olandira ufa, amayi onse anapita kubwalo la sukulu. Ine ndinalowa m'nyumba ya apongozi, koyamba m'moyo wanga. Ndinagumula dothi la pakamwa pa mtsuko ndi mpeni, ndinakankhira kajumbo kaja pansi pa mbewu, ndinamatanso bwinobwino ndi dothi la kumjigo. Ndinati ikafika Meyi ndidzakatulutsa mwakachetechete tsiku lotsegula lisanafike. Monga mapulani anga onse, analibe chilema chilichonse kufikira atayamba kugwira ntchito.

Ufa unafika chakumapeto kwa mwezi. Thumba limodzi mabanja atatu, kugawana ndi mbale, maso a aliyense ali pa dzanja la wogawa. Tinadya, palibe anasanduka mlongo wa mnzake kuposa mmene analili. Koma ndinaona bambo wina wachikulire atatapa ufawo m'dzanja, kuufikisa ndi zala nthawi yaitali, ngati akufunafuna diso limodzi limene chigayo chinaiwala. Anthu ambiri anali atadya mbewu yawo. Anatipatsa cha lero, cha mawa anachisiya kuchigayo.

EPULO

Tinakolola mapesi. M'munda monse munatuluka madengu awiri a zisononkho zokhala ndi maso apa ndi apo ngati m'kamwa mwa nkhalamba, zofumbwa kale, zosayenera mbewu. Mudzi wonse maso anatembenukira kwa nandolo, amene anali ataima bwino, akudikira miyezi yake.

Mayi Namaona, amene ndi alembi a kalabu, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa kutchalitchi. Kunabwera kalata yochokera kwa wogula. Anandipatsa ine.

Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, ndinayamba kumasulira. Wogulayo wamva kuti chimanga china cha m'malole chinatayikira m'manja mwa anthu. Atumiza anthu ake kudzadula masamba a chimanga chilichonse chomera m'munda kapena m'dimba la membala. Pakapezeka phesi limodzi lokha losinthidwa chibadwa, kalabu yonse ichotsedwa pa satifiketi zaka zitatu, chifukwa malamulo a kumene amagulitsako salola.

"A Koleji, mawu akukuthawani bwanji?" anafunsa mayi Namaona. "Chingerezi chakula?"

"Ndi njala, mayi."

"Ndiye mwamva nonse. Amene ali nacho akazinge lero. Ine denga langa ndikuliyembekezera kwa nandolo ameneyu. Amene adzandilande ndidzakagona kwake."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkazungulira nyumba ya apongozi ngati fisi wamanyazi. Koma iwo mapazi anali atatupa, sankapitanso kutali. Ankakhala pakhomo pawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mtsuko uli kumbuyo kwawo. Mwezi utaoneka anautulutsa. Ulendo uno ndinaonera pafupi, kuseri kwa mtengo wa mango. Sikunali kugubuduza kwa mapemphero. Ankaukankha ndi manja awiri, m'katimo mukumveka wayawaya.

Madzulo ndinafunsa Esinati, ngati nkhani yongocheza, kuti kodi amayi amatani ndi mtsuko uja.

"Amasakaniza phulusa kuti lifike diso lililonse. Anankafumbwe asapeze pokhala. Zaka zonsezi simudziwa?"

"Amagubuduza mwamphamvu choncho nthawi zonse?"

"Nanga phulusa lingayende ndi ulemu? Mukufunsiranji?"

"Kafukufuku."

MEYI

Dimba tinali titalikonza m'mbali mwa mtsinje. Tsiku lotsegula mtsuko kunazizira, Esinati anali atapita kale kuesiteti, Tamanda kusukulu. Pabwalo tinatsala awiri, ndi mtondo.

Apongozi anayala mphasa, anagumula dothi, anapendeketsa mtsuko palichero. Chimanga chinatuluka chotuwa ndi phulusa, chonse chofanana. Kenako panatuluka kachidutswa ka pulasitiki. Kenako kena, kali ndi mfundo yanga.

Anakatola. Maso awo ali ndi ng'ala, choncho anakayandikiza pamphuno penipeni. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Mtondo iwe," anatero, "agogo anga sanabwere ndi jumbo."

Ine ndili kuseri kwa mango, ndinavula chipewa. Ndinauza mtondo zonse: malole, majombo, tsiku lolembetsa maina, kalata ya wogula. Mtondo unamvetsera mwaulemu.

Kenako ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo.

"Abambo a Tamanda. Bwerani mukhale apa."

Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali abambo a Tamanda ena. Ndinapita chokwawa, ndinakhala pansonga penipeni pa mphasa, maso pansi.

"Dothi lanu ndinaliona," anatero. "Ine ndimamata ndi la pachulu, inu munamata ndi la kumjigo. Ndinati ndi Esinati, watapako kuti mwana adye. Ndinati ndisatsegule, ndingadziwe. Miyezi iwiri ndakhala ndikukonzekera kuti ndipeza mbewu yachepa." Anapukusa lichero pang'ono. "Sindinaganize kuti ndipeza yachuluka."

Kukalipa kukanakhala bwino. Ndinati, "Amayi, ndinalakwa."

"Kulakwa sitidzala. Chawocho chimaoneka bwanji?"

Apa ndiye koleji inagwira ntchito yake yoyamba ndi yomaliza. Ndinafotokoza kuti cha m'malole chimakhala chophwatalala, chili ndi kadzenje pamutu ngati dzino la kumatsagwidi, pamene chawo n'chobulungira pamutu, chonyezimira ukachipukuta.

"Zimenezo chala changa chikudziwa. Koma maso ndilibe. Inu maso muli nawo, chala mulibe. Diso lililonse lidutse kwa ine, lidutse kwa inu. Tikagwirizana tonse kuti ndi langa, apa. Tikagwirizana kuti ndi lawo, apo. Mmodzi akangokayika, pakati."

Tinayamba. Iwo ankatola diso, kulisisita ndi chala chachikulu, kundipatsira m'dzanja. Ine ndinkalipukuta phulusa pabuluku, kuliunika padzuwa. Zikanakhala zophweka chimanga chikanamamvera buku. Koma maso a kunsonga kwa chisononkho amakhala obulungira, kaya n'cha makolo kaya n'cha m'malole. Ndipo chawo chomwe, maso ena anali atafota n'kuchita kadzenje. Mulu wa pakati unkakula kuposa inzake.

Esinati pobwera madzulo anatipeza mphasa imodzi, mitu itayandikana. Dengu linamugwa. "Wamwalira ndani?"

"Palibe," anatero amayi ake. "Afunse amunako za majombo."

Zimene Esinati anandiuza m'nyumba tsiku limenelo sindizilemba, chifukwa pepala ili likhoza kufika m'manja mwa ana.

Tinasankha masiku atatu. Pomaliza, mulu wa mbewu yotsimikizika sunadzaze kapu ya tiyi. Wa chimanga cha m'malole unali dzanja limodzi ndi theka. Zina zonse, pafupifupi mtsuko wathunthu, zinali pakati. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa, kuti zambiri za pakatipo zinali zawo.

"Amayi," ndinatero, "za pakatizi mwina tikanadzala kwina, kobisika. Mwina mulibe n'limodzi lomwe la m'malole."

"Mabanja makumi atatu adzadye mwina wanuyo?"

Anadzuka movutikira, anapita pamtondo, anathiramo mulu wa m'malole. Anabwerera, ananyamula lichero la za pakati, anaima nalo kanthawi, anathiramonso. Kenako anatenga munsi n'kundipatsa m'manja.

"Paja munawauza anthu ku Muloza kuti lamulo likuti chiyani? Chilowe chitafa? Chipheni."

Kwathu kuno mwamuna sasinja, makamaka pabwalo, masana, kwa apongozi ake. Kugunda kwachitatu kusanamveke, ana anali atafika. Kenako amayi a kumjigo, ndowa zili pamutu. Zuze anatulukira ndi njinga yake ngati anachita kuitanidwa.

"Alamu! Ndikubwerekeni chitenje? Paja ndinakufunsani za chimanga chimenechi, taonani mwasandukadi mlongo!"

Anthu anagwa nako kuseka. Mayi Namaona anafunsa kuti kwagwanji. Apongozi anayankha osatembenuka: "Akuphunzira. Koleji ina sanamalize, iyi amaliza."

Sanaulule china. Anakhala pamphasa, kapu ija ataifumbata pamiyendo, nkhope atalozetsa kuphiri. Munsi ukagunda, zikope zawo zinkaphethira. Ndinasinja mbewu imene inawoloka mtsinje pansonga ya nsalu, imene inapulumuka zaka zonse zoipa zimene iwo ankazikumbukira, ndipo inadzagwa m'manja mwa munthu wophunzira. Tinamwa phala lake masiku awiri. Linkanunkha phulusa. Palibe anasiya.

Za m'kapu tinadzala m'mawa mwake, diso limodzi phando limodzi, iwo akuponya, ine ndikukwirira.

JULAYE

Ndinkathirira dimba ndi keni m'mawa ndi madzulo, mbozi ndikuzitola ndi manja. Usiku ndinkalota maso a chimanga akundisekerera ndi timaenje pamutu. Bwanji ngati limodzi linatidutsa tonse awiri?

Anthu a wogula anabwera tsiku la chiperoni, kamvula kakuwaza, phiri litabisala. Anali awiri, mtsikana wonyamula bokosi ndi bambo wolemba. Mayi Namaona ankawatsogolera dimba ndi dimba. Atafika pathu mtsikanayo anadula tizidutswa ta masamba pa mapesi khumi, anatiphwanya m'kabotolo ndi timadzi, anaviikamo kapepala kakang'ono ngati kaja amayezera malungo.

"Mzere umodzi ndiye kuti zili bwino," anatero. "Iwiri ndiye kuti pali nkhani. Tidikire pang'ono."

Apongozi anali ataima kumapeto kwa dimba ndi ndodo yawo. Ine ndinaima pambali, keni ili m'manja. Mzere woyamba unatuluka. Tinadikira. Mayi Namaona ankayang'ana ine, osati kapepalako.

"Umodzi," anatero mtsikanayo. Bambo uja analemba, anapitirira.

Mapesi anali oposa khumi m'dimbamo. Za enawo mboni yake ndi chala cha apongozi ndi diso langa, ndipo sindinapemphe kuti ayeze onse.

SEPUTEMBALA

Chimanga cha kudimba chinacha bwino. Palibe anaotcha n'chimodzi chomwe, kupatula kachisononkho kokhota kamene apongozi anapatsa Tamanda atalira tsiku lonse. Tinachisenda pamphasa, ndipo ine ndinayang'ana mzere uliwonse: mitu yobulungira, yonyezimira. Nandolo wa kalabu anagulidwa. A Namaona anabwezera malata atatu, thambo linatsala la kuchipinda kokha.

Mbewuyo sinakwane kugawa patatu. Apongozi anagawa pawiri, yodzala ndi ya mumtsuko, n'kunena kuti chaka chimenecho mvula isayerekeze kunama. Anasefa phulusa, anathira, anamata ndi dothi la pachulu.

Chichokereni kudimba tsiku la oyeza lija anali asanandilankhulenso, ndipo sindinkadziwa ngati ndi mkwiyo kapena chiyani. Mkamwini sangafunse. Ndinkangodikira tsiku limene adzauze Esinati kuti majombo ndi wailesi zione msewu.

Mwezi unaoneka. M'mawa mwake ndili pakhonde, ndinawaona akutulutsa mphasa n'kuyala. Mtsuko sanautulutse. Anakhala pansi, anaitana mwana wawo, ine ndili pomwepo, mapazi asanu kuchokera pamene anakhala.

"Esinati, uwauze abambo a Tamanda kuti mtsuko sudzigubuduza wokha. Uwauzenso kuti agwire ndi manja awiri."

Esinati anatembenuka kuti andiuze. Anapeza ndanyamuka kale.